Komboni imene tadzimangira tokha ku Joni

Palibe Mmalawi wa ku Joni amene tingamunene kuti amaopa ulendo. Aliyense amene mukumuona akutchetcha kapinga ku Randburg, akusita malaya a bwana ku Bryanston kapena akunyamula matumba m'sitolo ku Mayfair anakhalapo m'basi masiku awiri, mwina atatu ngati basi inafa panjira. Anadinditsa pasipoti pa Mwanza kapena pa Dedza, anaoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, anaima pamzere pa Nyamapanda, anadutsa Harare akuwodzera, ndipo pa Beitbridge anayankha mafunso mtima uli m'mwamba. Ena sanadzere n'komwe pachipata, Limpopo anamudziwa ndi mapazi. Chodabwitsa n'chakuti munthu wolimba mtima chonchi akangotsika pa Park Station, kuyenda kumathera pomwepo. Zaka 10 zikhoza kutha asanawonjezere msewu ngakhale umodzi pa misewu imene anaphunzira mwezi woyamba.

Funsani m'bale wanu amene wakhalitsa kuno kuti akufotokozereni Johannesburg. Akuuzani mtengo wa takisi yochoka ku Diepsloot kupita ku Fourways, akulozerani kumene amagulitsa usipa ndi mpunga wa Kilombero, akuuzaninso kauntala ya Mukuru imene sikhala ndi mzere wautali kumapeto kwa mwezi. Pa zizindikiro za zala zoimitsira takisi iye amadziwa ziwiri, kuloza m'mwamba ngati ukupita m'tauni, kuloza pansi ngati ukutsikira pafupi. Zinazo alibe nazo ntchito, chifukwa kumene zimapita iye sapitako. Lolemba mpaka Loweruka ali kwa bwana. Lamulungu achape, apite ku tchalitchi, aimbe foni kumudzi, asite yunifomu ya mawa. Disembala akwere basi ya kumudzi, Januwale akwere yobwerera.

Tikamacheza timati moyo wa kwa eni ndi wotero, kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ine ndikukana kuti zonsezi ndi za eni. Mbali ina ya mpanda umene watizinga tinaumanga tokha, timaulondera tokha, ndipo woyesa kusuzumira kunja timamubweza ndi pakamwa. Mbali imeneyi ndi imene ndikufuna tikambirane, chifukwa ndi yokhayo imene tingaigwetse osapempha chilolezo ku Home Affairs.

Amene akufuna kuona kumene mayendedwe athuwa anachokera apite ku Newtown, pafupi ndi Mary Fitzgerald Square, akalowe mu Workers' Museum. Nyumbazo zinamangidwa mu 1913 kuti zikhale komboni ya antchito akuda a khonsolo ya mzinda. Malo ogona ndi a konkire, ondandalikidwa mothithikana moti munthu akatembenuka usiku ankagunda mnzake. Kulinso kachipinda kotsekeramo wolakwira malamulo a pakomboni, ndipo chapafupi pali tinyumba ta azungu amene ankagwira ntchito pamalo omwewo koma akukhala ndi mabanja awo. Ukaima pabwalo lapakati umamvetsa msanga maganizo a womanga: munthu adzuke, akagwire ntchito, abwere, agone, asapatukire kwina kukaona zina. Makomboni a m'migodi, kumene agogo athu ankafikira, ankayendera nzeru yomweyo. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo kuchokera pamenepo eni migodi ankafuna mikono ya munthu wakuda. Maso ake ndi mutu wake analibe nazo ntchito.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi. Ankawakweza ndege mpaka ku Francistown, kuchoka apo sitima, kutsika sitima n'kulowa m'komboni. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown komweko n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, Theba ija timaimva m'nkhani za akuluakulu, mpaka zinadzatha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza Amalawi kachilombo ka HIV. Agogo amenewa akamati "ndinali ku Joni", ambiri ankatanthauza mgodi umodzi, komboni imodzi, ndi sitolo imodzi kumene anagula jekete, chipewa ndi wailesi. Iwowo tisawaimbe mlandu. Potuluka pageti pankafunika chitupa, ndipo wopezeka m'tauni wopanda pasi ankagona m'chitokosi. Koma malamulo a pasi anathetsedwa mu 1986. Nanga ife amene tinapeza mageti ali otsegula, bwanji tikupondabe momwe ankaponda iwo?

Mlonda wa komboni ya masiku ano amakhala m'foni. Yesani kuika pa sitetasi ya WhatsApp chithunzi muli kunyanja ku Durban, mwavala kabudula, mukuseka. Ola silitha. Azakhali a ku Ntcheu ayamba ndi moni wautali, kenako: "Mwana wanga, taona kuti Mulungu wakukumbuka, ndiye kunotu fetereza wakwera." Mng'ono wanu sazungulira: "Achimwene, ndiye mukudyatu bwino, ife kuno fizi ya ana mpaka lero." Oopsa kwambiri ndi anzathu a konkuno. Lamulungu potuluka m'mapemphero mumva kuti uje wayamba chizungu, waiwala chimene anabwerera, ameneyo atchona muona. Ndikudziwa anthu amene anapitadi kukaona malo koma zithunzi anazibisa, chifukwa kuyankha mafoni a abale kukanawadyera ndalama zambiri kuposa ulendowo.

Mudzi wathu wa ku Joni uli ndi mndandanda wa zimene munthu wanzeru amachita ndi randi, ndipo mndandandawo susintha. Pitani mu Disembala pamene mabasi a ku Malawi amapakira katundu mukadzionere. Matiresi okulungidwa m'mapulasitiki akuda ndi selotepi yambirimbiri, mafiriji, ma TV akuluakulu, masola, zigubu za mafuta ophikira, mabaketi a penti, njinga, aliyense walembapo ndi cholembera chakuda dzina lake ndi kumene katunduyo akatsikire: Jenda, Balaka, Mangochi, Lunzu. Apa kondakitala akukangana ndi mayi wina za mtengo wa firiji, apo mnyamata wakwera pa ngolo ya basi akupondaponda matumba kuti pakwane ena. Mukawerenga mainawo mupeza anthu a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana, koma maloto ndi amodzimodzi: malata, poloti, nyumba ya mpanda, njinga yamoto ya kabaza, Sienta zikadzayenda bwino. Palibe cholakwika ndi chilichonse mwa zimenezi. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'makomo ambiri mphika umakhala pamoto chifukwa cha mwana amene ali kuno. Chondivuta ine n'chakuti pa mndandanda wonsewo palibe mzere ngakhale umodzi wa mwini thukuta. Amamanga nyumba ya zipinda zinayi imene amagonamo milungu itatu pa chaka, miyezi inayo ali mu mkhukhu wa malata, akudikira tsiku limene adzapume n'kuyamba kudya thukuta lake. Tsikulo limangosunthira kutsogolo, chifukwa nyumba ikatha pafunika mpanda, mpanda ukatha mwana wasankhidwa ku koleji.

Pali yankho lolemera limene sindingalilumphe. Wina anena kuti: "Inu mukulemba pemiti ili m'thumba. Ine masiku 30 amene anandipatsa pa Beitbridge anatha kalekale. Nditi ndikaone maluwa, ndikumane ndi apolisi, ya fanta ndilibe, mawa lake ndili ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo." N'zoona, ndipo amene sanamvepo mtima ukudumpha poona galimoto ya apolisi ikuchepetsa liwiro asamaphunzitse mnzake kulimba mtima. Sitinaiwale Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo, kapena Epulo 2015, pamene boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ake ku Durban. Za Operation Dudula, gulu lothamangitsa alendo limene linayambira ku Soweto mu 2021, palibe wofuna kufotokozeredwa. Wopanda mapepala ndiye mwini kuyeza kuti apa ndingafike, apa ayi, ndipo ine sindingamukankhire pa msewu waukulu kumene kuli marodibuloko.

Koma mantha amenewa safotokoza zonse. Alipo Amalawi ambiri amene mapepala awo ali bwinobwino, ena anakwatira kapena kukwatiwa konkuno, ena ndi madalaivala, anamwino, aphunzitsi, ndipo nawonso amangozungulira pa malo omwe aja. Komanso kudzitsekera sikunatipulumutsepo. Ziwawa za 2008 zinayambira ku Alexandra, m'makomo mmene anthu ankagona. Apolisi akafuna alendo amadziwa kokawapeza: pa renki ya takisi m'mamawa, pa ngodya pamene anthu amadikira maganyu, m'mafulati a ku Hillbrow. Njira imene timayenda tsiku ndi tsiku ndiye ili ndi misampha yambiri. Wolakwa nthawi zonse ndi wonyamula chikwanje, wothawayo ayi. Komabe munthu amene zaka 8 wangocheza ndi a kwawo okhaokha, Chizulu chake chongokwanira kuuza dalaivala kuti atsika pa maloboti, tsiku la mavuto sakhala ndi mnansi womutsina khutu kapena womutsegulira chitseko.

Za ndalama tisanamizane. Mu Malichi 2025 boma la kuno linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola, kuphatikizapo antchito a m'nyumba ndi a m'gadeni, ndipo tikudziwa kuti ambiri mwa ife salandira n'komwe zimenezo. Ukachotsa lendi, takisi, chakudya ndi za kumudzi, chotsala n'chochepa. Koma ku Zoo Lake salipiritsa pageti. Munda wa maluwa wa ku Emmarentia, m'mphepete mwa damu, ndi waulere. The Wilds, kaphiri ka mitengo yachilengedwe ku Houghton, kumene ukakwera pamwamba umaona nsanja ya Hillbrow ndi tauni yonse, nakonso n'kwaulere. Mu Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa ku Pretoria, ndipo pa kapinga wa ku Union Buildings, pamene paima chifanizo cha Mandela chotalika mamita 9, aliyense amayala chitenje n'kukhala. Kuyenda mu Vilakazi Street ku Orlando West, msewu umene muli nyumba ya Mandela ndi ya Desmond Tutu, n'kufika pa chikumbutso cha Hector Pieterson ndi ana asukulu amene anaomberedwa ndi apolisi pa 16 Juni 1976, kumangofuna ya takisi. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi imene anyamata athu amataya pobetcha mpira Loweruka limodzi, kapena imene timasonkha kuti tisoketse yunifomu yatsopano ya kwaya pomwe ya chaka chatha sinang'ambike n'komwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi Constitution Hill. Ili pamphuno penipeni pa Hillbrow, moti Amalawi ambiri amaidutsa kawiri pa tsiku osacheuka. Inali ndende. Gandhi anatsekeredwamo, Mandela anatsekeredwamo, Albertina Sisulu ndi Winnie Mandela anagona ku ndende ya amayi pomwepo. Mu gawo lotchedwa Number Four ankaunjikamo amuna akuda, ambiri mwa iwo pa mlandu wa pasi womwe uja. Pamalo omwewo mu 2004 anatsegula nyumba ya Constitutional Court, khothi lalikulu koposa m'dziko muno, ndipo zina mwa njerwa zake anazigumula ku ndende yakaleyo. Khothi limeneli ndi limene mu 2020 linagamula kuti wantchito wa m'nyumba akavulala kapena kufera pa ntchito, payenera kukhala chipukuta misozi monga zimakhalira ndi wantchito wina aliyense. Mlanduwo unali wa mayi amene anamira m'dziwe losambiramo la abwana ake. Mlongo wathu amene amakolopa m'mphepete mwa dziwe lotero m'mawa uliwonse, kusambira osadziwa, ayenera kudziwa kuti nyumba imeneyi ilipo. Chinthu choona ndi maso chimakhazikika m'mutu kuposa chongomva pa gulu la WhatsApp.

Ndiponso zachilendo si nyumba zakale zokha. Afrika yense, ndi ena a kutsidya kwa nyanja, ali mumzinda muno. Anthu a ku Ethiopia ali ndi malo awo odyera m'kati mwa tauni, ku Yeoville msika wadzaza ndi zakudya za ku Congo, Cameroon ndi Nigeria, ku Fordsburg kuli Amwenye ndi anthu a ku Pakistan, ku Cyrildene kuli Matchaina. Ife timadutsa pakati pa onsewa titanyamula kontena ya nsima ndi usipa, ndipo wina akalawa chakudya cha eni timamufunsa ngati m'mimba muli bwino.

Nthawi nayo ilipo kuposa mmene timavomerezera. Lamulo la ntchito limapatsa wantchito wa m'nyumba milungu itatu ya tchuthi cholipidwa pa chaka, ndi maola 36 otsatizana opuma pa mlungu. Mabwana ena amaba nthawi imeneyi, n'zoona, koma ifenso timaigulitsa tokha. Tsiku lopuma timakagwira ganyu kwina, tchuthi timapempha kuti atisinthire ndi ndalama. Lotsalalo timalipereka lonse ku mapemphero oyamba 9 koloko m'mawa n'kutha dzuwa litapendeka. Za Mulungu sindilimbana nazo, koma amene analenga mapiri a Magaliesberg sangakwiye kuti Lamulungu limodzi pa miyezi itatu mwatuluka msanga n'kupita kukawaona.

Musandisokoneze ndi achinyamata a pa Instagram ndi TikTok amene amalalikira kuti siya ntchito, gulitsa zonse, zungulira dziko. Amenewo ali ndi mapasipoti olowera kulikonse ndi makolo okawalandira ndalama zikatha. Mmalawi akasiya ntchito ku Joni, m'mawa mwake pageti paima kale anthu ofuna malo ake, ndipo kumudzi ana abwezedwa kusukulu. Ulendo umene ndikunena ine ndi waung'ono kwambiri, kungoti wausankha ndiwe mwini. Mayi wina wa ku Thyolo, amene amalera ana pa nyumba ina kumpoto kwa mzinda uno, amapita kunyanja Disembala aliyense ndi mabwana ake. Atandiuza ndinati ndiye inu mayi mwayendatu. Anaseka. "Kuyenda kwake kuti, achimwene? Ine ndimakhala pansi pa ambulera, yunifomu ili m'thupi, ndikulondera matawulo ndi mafoni, maso ali pa ana. Nyanja ndimaionera pakati pa miyendo ya anthu." Chaka china anadzuka 5 koloko m'mawa onse ali m'tulo, anatsikira yekha kumchenga, anapindira chitenje m'mwamba n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Anatunga pang'ono m'dzanja n'kulawa, kuti atsimikize za mchere ankangomva zija. Pobwerera anapeza adona akumufunafuna chifukwa mwana anali atadzuka. Pa maulendo onse amene anakwera galimoto ya bwana, wake ndi umenewo, ndipo ndi wokhawo umene amausimba akumwetulira.

Amene amafuna phindu looneka pa chilichonse, nalo. Mlimi wa tomato wa ku Lizulu kapena wa mbatatesi wa ku Tsangano, amene pano akugwira ntchito ya ulonda, atati adzuke mbandakucha tsiku limodzi n'kupita ku msika wa zokolola wa ku City Deep, angaone zimene palibe mlangizi anamuonetsapo: tomato wosankhidwa malinga ndi kukula kwake, woikidwa m'makatoni olembedwa dzina la munda, zipinda zozizira, maejenti ogulitsa m'malo mwa mlimi n'kudulapo gawo lawo, mitengo ikukwera ndi kutsika malinga ndi katundu amene wafika usiku. Akadzabwerera kumudzi n'kuona milu ya tomato ikuwolera m'mphepete mwa M1, adzakhala ndi funso m'mutu limene mnzake wongobweretsa firiji alibe. Wa m'gadeni amene zaka zonsezi amadulira maluwa a bwana mmodzi akapita ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, kumene kuli mathithi a Witpoortjie ndi ziwombankhanga zakuda zimene zimaswera pathanthwe, akapeza zomera zili ndi maina ake pa tizikwangwani, ndipo akazindikira kuti ntchito imene ena amainyoza ndi luso limene anthu amapitira ku koleji.

Mbiri yathu yomwe ikuchitira umboni. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira ku Nkhata Bay, anachoka kwawo mu 1915, anagwirako ntchito ku Mozambique ndi ku Rhodesia osakhazikika, mpaka anafika ku Cape Town mu 1918. Chaka chotsatira anayambitsa ICU, bungwe la antchito limene pofika cha m'ma 1927 linkawerenga mamembala pafupifupi 100,000, likulu lake lili konkuno ku Johannesburg. Kamuzu, mumukonde kapena mumude, anagwira ntchito pa mgodi ku Boksburg, koma akanati azingoweruka n'kukagona sakanadziwana ndi a mpingo wa AME amene anamuthandiza kupita ku America mu 1925. Sindikayika kuti anzawo a nthawiyo ankawanena kuti ndi oyendayenda, osadziwa chimene anabwerera.

Komabe sindikufuna kuti ulendo uliwonse uzichita kudzilungamitsa ndi phindu, ngati kuti Mmalawi saloledwa kuchita chinthu chifukwa chongochifuna. Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda uno, ulendo wa ola limodzi pa galimoto, kuli mapanga a Sterkfontein ndi malo oonetsera zakale a Maropeng. Ku Sterkfontein mu 1947 Robert Broom anafukula chigaza cha zaka zoposa 2 miliyoni chimene amachitcha Mrs Ples, ndipo mu 1999 UNESCO inaika deralo m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse. Anthu amakwera ndege kuchokera kutali kudzaona mafupa amenewa. Ife chigawo chimenecho timangochidziwa kuti ndi cha ku Krugersdorp, kumene kuli Lindela. Kwathu ku Karonga, pa Uraha, mu 1991 anapezanso nsagwada ya munthu wakale ya zaka zoposa 2 miliyoni, choncho nkhaniyi ndi yathu yomwe. Mukhoza kupita, kumva zonse, n'kubwerako mukutsutsa kuti Baibulo kapena Korani sinena choncho. Bwerani mudzatsutse. Mkangano umenewo ndi wokomako kuposa wa matimu a mpira a Chiefs ndi Pirates umene timaubwereza mlungu uliwonse.

Matendawa timapita nawo ndi kumudzi komwe. Bwana akabwerako ku holide n'kuyamba kusimba za Cape Maclear, za sitima ya Ilala, za Sapitwa pamwamba pa Mulanje, mamita 3,002, wa m'gadeni wake wa ku Kasungu amangogwedeza mutu, chifukwa nyanja ya Malawi anaionera pa kalendala. Milungu itatu ya Disembala imathera pa kugula simenti, kukangana ndi mmisiri, kupepesa maliro a chaka chonse ndi kuweruza milandu ya pabanja. Ana amene tikuwavutikirawo amayamba kutiona ngati lole yobweretsa katundu. Tsiku limodzi lowatengera ku Senga Bay kapena kukwera nawo phiri la Zomba likanawakhalira m'mutu kuposa nsapato zimene ziwathina pofika Juni.

Chondipatsa chiyembekezo n'chakuti kusonkha timakudziwa. Kulikonse kumene Amalawi achulukana kuno upeza bungwe la maliro, lokhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi buku la zopereka. Mnzathu akatisiya, pa masiku ochepa ndalama yapezeka, mapepala atheka, bokosi lanyamuka kulowera ku Beitbridge. Ndi ntchito yolemekezeka ndipo ipitirire. Koma n'zomvetsa chisoni kuti ulendo wokhawo umene gulu limavomera kulipirira munthu ndi umene mwini wake sauona. Amayi ali ndi zipereganyu za mapoto, za mabulangete, za magolosale a Khirisimasi. Luso lomwelo likhoza kuchita hayala takisi ya anthu 15 Lamulungu limodzi, mpunga ndi nkhuku zili m'makontena, kupita ku damu la Hartbeespoort kapena ku Maropeng n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Pagulu mantha amachepa, mtengo umagawanika, ndipo miseche imasowa poyambira, chifukwa amene akanainenayo ali pampando wakumbuyo akutsogolera nyimbo. Oyamba kuitanidwa akhale alongo athu ogonera ku ntchito, amene kuyambira Lolemba mpaka Loweruka sadziwa kwina kupatula khitchini ya adona ndi kachipinda ka kuseri kwa garaja. Zithunzi muziike pa sitetasi, musabise. Azakhali atumizireni ya fetereza monga mwa nthawi zonse, ndipo azolowere kuti mwana wawo nayenso amapuma.

Nkhaniyi mukaibweretsa ku msonkhano wa bungwe, woyamba kuimirira adzakhala msungichuma, buku lili m'manja. Adzafunsa kuti, "A tcheya, ndalama imeneyi ibwerera bwanji m'thumba?" Muwayankhe mwaulemu kuti siibwerera, kenako muwapemphe atsegule tsamba latsopano alembe maina a amene akupita.